Kayaki ya Alamu Anga

Lolemba, 6 Meyi 2024

Alamu anga a Latif afika kuchokera ku Chembe pa lole ya nsomba. Pamwamba pa madengu chinthu chofiira, chachitali, chapulasitiki. Kayaki. Ndinkangoziona pa zithunzi za m'foni mwawo, azungu atakhalamo.

Kuloji komwe amagwira ntchito nyanja yalowa mpaka m'zipinda chaka chino. Alendo kulibe. Kayakiyi inang'ambika kumbuyo, bwana wawo anati itayidwe, a Latif n'kumata ndi pulasitiki wosungunula. Abweretsanso mtengo wa mbedza wokhala ndi kagudumu kokulungira chingwe, jekete yoyandamitsa munthu, ndi kachitini ka nyambo zachitsulo zimene mlendo wina anasiya. Zina ngati timasupuni ta tiyi, zina ngati usipa wopenta, mbedza kumchira. Zopanda fungo, zopanda mnofu. Nsomba yanzeru ingadye zimenezi?

Akuti, "Mlamu, m'bwato munthu amafunika miyendo iwiri. Umu mumangokhala pansi, ntchito yonse ndi ya mikono."

Chindigundireni lole ija pa mapiri a ku Chowe chaka chatha, mwendo wamanzere n'kudulidwa m'munsi mwa bondo, aliyense ali ndi nzeru yondipatsa. Wina kusoka nsapato, wina kugulitsa mayunitsi. Ine Swadick, amene ndinkanyamula anthu panjinga yamoto mpaka ku Chiponde, makasitomala akundilimbirana.

Mkazi wanga Yasmin anayang'ana kayakiyo, n'kuyang'ana achimwene ake, n'kubwerera ku mandasi ake. Mafuta ophikira akweranso. Nyumba yonse ikuimira pa chiwaya chakecho.

Mwana wathu Farida walowamo kale. Akuti ndi galimoto yake, ndipo mawa apita nayo kusukulu.

Lachiwiri, 7 Meyi

Padoko ndi a Latif, m'mawa.

Kukwera kokha, nkhondo. Ndodo zoyendera pansi, matako pamchenga, kudzikhwekhwereza. Amayi ochapa anasiya kuchapa. Nkhafi yake ya mbali ziwiri. Ndikapalasa kumanja kayaki kumanzere, ndikapalasa kumanzere iyo kumanja. Kuzungulira pamodzimodzi ngati nkhuku ya chitopa. Alamu kuseka mpaka kutsokomola, madzi ali m'chiuno.

Kenaka inawongoka yokha, sindikudziwa kuti ndinasintha chiyani.

Ndinatsata bango kukwera mtsinje. Ndekha. Wopanda wondigwira m'khwapa, wopanda ndodo. Shire wadzaza, madzi obiriwira, namasupuni akutsika m'magulumagulu. Bwato la anthu a ku Malombe linandidutsa, wa kumbuyo n'kundiponyera salamu wamba, n'kupitiriza nkhani yake. Mwendo uli m'kati, sanaone kanthu. Chaka chonsechi sindinalandirepo moni wopanda chisoni.

Ndinaima m'bango kanthawi. Ndinauza alamu kuti ndimapumula.

Zoponya nyambo, manyazi okhaokha. Chingwe chinapiringizika ngati chisa cha mpheta. Taphunzira kumasula, osati kuwedza.

Lachisanu, 10 Meyi

A Latif anabwerera dzana. Kayaki kuseri kwa nyumba, doko kutsetsereko. Kwa munthu wa miyendo iwiri si katundu.

Ndinapempha Yasmin kuti andithandize kukoka. Anati, "Ine ndine wa kumapiri, za m'madzi sindizidziwa. Ndipo sindingakukankhireni kwa ng'ona ndi manja anga."

Ndinamanga chingwe m'chiuno, mbali inayo ku mphuno ya kayaki. Ndodo kutsogolo, kudumpha, kukoka. Ndodo kutsogolo, kudumpha, kukoka. Pa mizu ya mtengo wa mango inakodwa, ine chagada. Fumbi m'kamwa. Ndinadzuka, kuyambanso, kugwanso pafupi ndi mjigo, pamaso pa anthu onse a ndowa.

Yasmin sindinamuone akubwera. Ndinangomva chingwe chikumasulidwa m'chiuno mwanga. Manja ake oyera ndi fulawa. Anakoka mpaka kumadzi, n'kuimirira mpaka nditamanga jekete, n'kubwerera.

Sindinaphe kanthu. Ndinafika mochedwa ku swala ya Ijumaa, buluku lonyowa.

Lachitatu, 15 Meyi

Palibe. Dzulo palibe, dzana palibe. Nyambo ziwiri zatsala m'bango, imodzi yokongola ya mizere yobiriwira. Mapewa ngati andimenya.

Eni nyumba anadutsa. Moni wautali, kufunsa za mwendo, za mvula, za Farida. Za lendi sanatchule. Ndamva.

Yasmin akukokabe m'mawa uliwonse, ndi kudzanditenga masana. Salankhula za nsomba. Kukanakhala bwino akanandinyoza.

Che Atumani anandiitana pamthunzi pomwe amasokera maukonde. Anali mnzawo wa malemu bambo anga, ankapalasa bwato limodzi. Anatenga kasupuni kamodzi, kukatembenuza, kukanunkhiza. Anandifunsa kuti ndikufuna nsomba yanji. Ndinati chambo.

Akuti, "Chambo sichidya chitsulo, mwanangu, chimadya ndere. Amene amathamangitsa tinsomba ndi sungwa. Ameneyu sayendayenda pamtetete, amabisala. Pita kumtunda komwe madzi alowa m'minda ya anthu, m'mitengo yomira ija."

Anatinso mvuu zili pa gombe la tsidya lija, ndizidutsa mbali ya kuno, ndipo ndikamva ikufwenthera ndisapikisane nayo.

Loweruka, 18 Meyi

Alhamdulillah.

Munda wa munthu womira, mapesi a chimanga akungoonekera nsonga, mitengo ya mango madzi ali m'nthambi. Bata. Ndinaponya kasupuni kagolide m'mbali mwa mthunzi, kusiya kamire pang'ono, n'kuyamba kukulunga mwaulesi monga anandiuzira alamu. Koyamba palibe. Kachiwiri udzu. Kenaka mtengo wa mbedza unagwedezeka ngati wina waumenya ndi mwala, kagudumu kulira, kayaki yonse kutembenuka kutsata chingwe.

Sindikukumbuka zonse. Ndikukumbuka kuti ndinkalankhula nayo nsombayo m'Chiyao, kuinyengerera. Inadumpha kamodzi, kukamwa kuli yasa. Nditaikweza inagwera pamiyendo panga, kundimenya ndi mchira, minga yapamsana kundibaya pantchafu. Sungwa. Msana wobiriwira, mimba yachikasu, timadontho tofiira pa chipsepse. Kutalika kuchokera pa chigongono mpaka pa zala.

Ndinapalasa kubwerera kudoko.

Che Atumani anainyamula, kuiyeza m'manja, kugwedeza mutu. Yasmin anaiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa ngati ya mtundu umenewu imakoma yokazinga kapena yamsuzi.

Tadya yamsuzi. Mutu wake ndadya ine. Farida wauza ana onse a pamzere pano kuti bambo ake apha nsomba ndi supuni.

Lachinayi, 23 Meyi

Ndayamba kuwadziwa a sungwa. M'mawa dzuwa lisanakwere amakhala m'mphepete mwa mapesi. Likatentha amalowa pansi pa nthambi. Madzi akakhala oyera, kasupuni kasiliva. Akavunduka, kagolide. Akatsata n'kubwerera, kusiya kukulunga kamphindi, nyambo igwe ngati kansomba kodwala, pamenepo sapirira.

Ang'onoang'ono ndikubwezera. Che Atumani akuti ndapenga.

Yasmin akukazinga zidutswa, kugulitsa pamodzi ndi mandasi kufupi ndi mlatho. Zikutha msanga kuposa mandasiwo. Sopo wagula, shuga wagula. Eni nyumba tawapatsako ya lendi, moni wawo wafupika.

Ahmad, mnzanga wa pa siteji ya njinga, anaima pakhomo. Kuyambira pa ngozi ija ndinkamubisalira, ndikamva njinga yake ndinkauza Yasmin anene kuti ndagona. Lero ndinatuluka ndekha. Tinacheza mpaka makasitomala ake kumuimbira. Wapita ndi sungwa mmodzi wa akazi ake.

Chodabwitsa: phazi lomwe kulibe lija limandiyabwa ndikakhala kunyumba, pamadzi limakhala chete.

Koma chitsa cha mwendowu chikukhuzika ndi pulasitiki, chatupa, chayamba kutuluka madzi. Lero nditakhota pa bango, poti padoko sakundionanso, ndinavula jekete n'kuipinda pansi pake. Mpumulo weniweni.

Lamulungu, 2 Juni

Mwera wayamba. Kuzizira m'mawa, timafunde pakati pa mtsinje. M'mitengo muja mphepo sifika.

Alipo sungwa wina wamkulu pansi pa mtengo wa mango womalizira, womwe uli kufupi ndi mkokomo wa madzi. Ndamuona kawiri. Anatsata nyambo mpaka pa mphuno ya kayaki, kundiyang'ana, kubwerera mwaulemu wake. Msana ngati wa mwana wa mbuzi. Ndikumuganizira ngakhale pa swala, Mulungu andikhululukire.

Yasmin anagwira jekete poiyanika, anati bwanji ikununkha mankhwala a pachilonda. Anafunsa, "Mumavala imeneyi?"

Ndinati ndimakhala nayo nthawi zonse.

Lachiwiri, 11 Juni

Lero ndiye ndatha kugwira cholembera. Malungo, chifuwa, zilonda m'manja. Ndilembe zonse ndisanayambe kuzikometsa.

Lachinayi lapitalo wamkulu uja anadya. Anathawira pansi pa mtengo, chingwe n'kuzungulira nthambi. Ndinapalasa kufika pomwepo. Ndinkamuona, mimba yachikasu ikuphethira m'madzi, mkono umodzi kuchokera pomwe ndinali. Ndinaweramira. Basi.

Madzi ozizira, mdima, mphuno kuwawa. Mwendo umodzi ukamamenya madzi munthu umangozungulira. Mkokomo unandikokera kunja, dzanja n'kupeza nthambi, sindikudziwa bwanji. Nditatulutsa mutu kayaki inali patali, chafufumimba, jekete ikuitsata pambuyo.

Ndinakwera pa mphanda ya mtengo, madzi m'chifuwa. Nyerere zofiira zothawa madzi zinali momwemo, zinandilandira m'khosi ndi m'makutu. Ndinakuwa mpaka mawu kutha. Chikuni chilichonse chodutsa, ng'ona. Ndinanena shahada, kuibwereza, kuibwereza. Dzuwa linachoka kum'mawa kufika pamutu, n'kupendeka.

Che Atumani ndi amuna awiri anandipeza ndi bwato. Akuti anadziwa poyambira kufuna. Zala anachita kuzikanganula pa nthambi.

Zinazi ndauzidwa ndi amayi a padoko. Kayaki inadutsa pomwepo m'mawa, yogadabuka, Yasmin akutsuka chiwaya. Kenaka jekete. Akuti sanalire. Anakhala pansi pamchenga, n'kufunda mpango kumaso, n'kupempha mayi wina akatenge Farida kusukulu. Pofika ine, anthu anali atayamba kusonkhana pakhomo, wina atapita kale kukauza a shehe.

Yasmin anawiritsa madzi, kundisambitsa, kundichotsa zitsotso m'manja ndi singano, kundimwetsa tiyi. Anandisamala mpaka thupi litazizira, Lamulungu. Dzulo m'mawa chikwama, Farida padzanja.

Pakhomo anati, "Pamsewu paja simunalakwe ndinu. Apa ndinu."

Apita kwa amayi ake ku Chowe.

Lachisanu, 14 Juni

Nyumba zii. Chiwaya chili pa msomali.

Asodzi anaigwira kayaki m'munsi mwa mlatho, abweretsa. Mtengo wa mbedza unali womangirira, ulipo. Kachitini kalipo m'kabowo kotsekera. Jekete yokha ndiyo inapita ku Malombe. Kayakiyo ndaifunditsa chiguduli, sindikufuna kuiona.

Foni ya Yasmin ikuitana, osayankhidwa. Dzulo anayankha apongozi, a Mwanabibi. Mwaulemu kwambiri. Akuti mwana ali bwino, mayi ake ali kudimba. Nthawi zonse ali kudimba.

Ndaimbira a Latif kuti adzatenge chinthu chawo. Anayamba kupepesa, ndinawadula. Iwo anandipatsa jekete, woivula ndine. Akuti lole ipezeka Loweruka la sabata ya mawa.

Kumzikiti aliyense kundigwira dzanja, kuthokoza Mulungu. Moni wachisoni uja wabwerera.

Ndaphika ndekha. Zapserera.

Lolemba, 17 Juni

Idi. Ana a anthu m'zovala zatsopano, fungo la mbuzi mzere wonse. Diresi ya Farida yomwe tinasoketsa ili pa chingwe m'chipinda, sanaitenge.

Ahmad wabwera ndi nyama ndi mpunga. Anakhala pansi, kuyang'ana diresiyo. Akuti, "Amwene, mkazi sabwera ndi foni. Kwera, ndikusiye pakhomo pa apongozi ako."

Ndinati minibasi zilipo. Anati zilipodi, nanga kuchoka pamsewu kukafika kumudziko, phiri lonse lija, ndi ndodo?

Sindinakwerepo njinga yamoto chichitikireni ngozi ija. Ndikangomva fungo la petulo malovu amadzaza m'kamwa. Ndipo njira ndi yomweyo, palibe ina.

Ndamuuza kuti Lachitatu.

Lachitatu, 19 Juni

Ndapita, ndabwera.

Ndodo anazimanga m'mbali, diresi m'jumbo pachifuwa panga. Mlatho, msika, kenaka kukwera. Ndinamugwira Ahmad m'chiuno ngati nkhalamba yopita kuchipatala. Pa kona ija ndinatseka maso, iye n'kuyamba dala nkhani ya mpira. Nditatsegula tinali tadutsa. Pali mayi wogulitsa nthochi pamenepo tsopano.

Farida anathamanga kuchokera kukhola, kutsala pang'ono kundigwetsa. Apongozi anayala mphasa, kupereka madzi, n'kupeza chochita kuseri.

Yasmin anabwera ndi khasu paphewa. Waonda masiku ochepa omwewa. Anayang'ana njinga, n'kuyang'ana ine. Anakhala kumapeto kwa mphasa.

Ndinali nditakonza mawu ambiri panjira. Ndinangoti ndinamunamiza za jekete, ndipo kayaki ikubwerera ku Chembe Loweruka.

Anayamba kuchotsa dothi m'zikhadabo. Kenaka anati, "Ndinakhala wamasiye kuyambira m'mawa mpaka masana. Ndinali nditaganiza kale za sanda yokukulungani, ndi mawu omuuza mwana. Mwabwera wamoyo, inde, koma zimenezo sizinachoke m'mutu mwanga. Ndikatseka maso ndikuona chinthu chofiira chija chikudutsa."

Ndinamupatsa jumbo. Anatulutsa diresi, kuikutumula, kuitana Farida kuti ayese.

Potsanzika anati mbatata akumba mawa, Lachisanu atsika. Sanandiuze ngati akubwera kudzakhala kapena kudzatenga katundu wotsala. Sindinafunse.

Loweruka, 22 Juni

Yasmin anafika dzulo ndi thumba la mbatata. Chiwaya chatsika pa msomali. Sanalankhule zambiri, koma wachapa zofunda zonse ndi kundikalipira za poto wopserera.

Lero lole ya a Latif. Ine ndinakhala pakhonde, nkhope kumbali. Ndinamva chiguduli chikuchotsedwa, pulasitiki ikukhwekhwerezeka, dalaivala akufunsa chingwe. Anali ataikweza kale pomwe Yasmin anatuluka m'khitchini.

Anati, "Achimwene, itsitseni."

A Latif anayang'ana ine. Ine sindinadziwe kanthu.

Analankhula kwa achimwene akewo, ngati ine palibe. "Chaka chonse bambo a Farida anali pakhonde pomwepo, maso kukhoma, mwana akawalankhula osamva. Amene uja ndinkamulira tsiku lililonse. Wa pamadziyu ndamulira tsiku limodzi. Itsitseni."

Anaitsitsa. Dalaivala anadandaula za nthawi yake, anamupatsa mbatata.

Malamulo ndalandira nditakhala pomwepo. Jekete azindimanga yekha, mfundo kumsana komwe sindifikira. Kansalu kofewa ka pachitsa asoka. Kumtunda ndizipita tsiku lomwe bwato la Che Atumani likupita, apo ayi ndikhale. Ndavomera zonse.

Kenaka anauza a Latif kuti atumize majekete awiri pa lole ya Lolemba. Ndinafunsa kuti inayo ya yani.

Akuti akufuna akauone mtengo umene ndinakakamirapo. Akauona ndi maso, mwina usiya kumubwerera m'maloto. Wapita kale kukalankhula ndi Che Atumani, amutenga m'bwato lawo, ine pambali ndi kayaki.

Yasmin sanapondepo m'bwato chibadwire. Pa mlatho pomwe amayenda pakati, osayang'ana pansi.

Ndamufunsa ngati sakuopa. Wati akuopa kwambiri, ndiye ndisamufunsenso.